Za Kuweta Nkhuku ndi Nkhukundembo za Malonda

Munthu wocokera ku midzi ya ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke akapita kukaceza kwa mbale wace ku Ndola, m'dera lija lochedwa Kanini, amalandiridwa monga mwa mwambo wa kwao: amamphera nkhuku. Koma akakhala munthu wopenyetsetsa, amazindikira msanga kuti nkhukuyo siinagwidwe monga zigwidwa za kumudzi. Palibe ana anaithamangitsa kuzungulira nkhokwe, palibe garu anauwa, palibe nthenga zinatsala pa mpanda. Mai wa pa nyumbapo anangopita kuseri, natsegula citseko ca kakhola ka malata, nawerama, natola nkhuku yoyera imene inali cigonere pansi. Nkhukuyo njolemera makilogramu awiri, koma moyo wace wonse sunapitirire masabata 6, ndipo ikalira imalirabe ndi mau a mwanapiye.

Kuweta kotere sikulinso kwa m'mizinda mokha. Anapiye a tsiku limodzi amafika m'makatoni kufikira m'maboma ang'ono, ndipo alimi ambiri, pamodzi ndi magulu a amai a mumpingo, amasonkha ndalama kapena kutenga ngongole kuti agule anapiye 100 kapena 200. Ena amapindula, ena amataya zonse m'sabata imodzi ya October. Kawirikawiri cimene cisiyanitsa awa ndi aja ndico kasungidwe. Cifukwa cace nkoyenera kuti wowerenga adziwe nkhuku iyi kumene inacokera, cimene thupi lace lifuna, ndi malamulo amene anthu a maiko ena anaika pofuna kucepetsa kusauka kwace.

Kumene nkhuku yoyerayi inacokera

M'caka ca 1923, ku Ocean View m'cigawo ca Delaware ku America, mai wina dzina lace Cecile Steele anaitanitsa anapiye 50 kuti akhale oikira mazira. Wogulitsa anaphonya, namtumizira 500. Maiyo sanawabweze ai, koma anawalera m'kanyumba kofunditsa ndi moto, ndipo amene anakula anawagulitsa ngati nyama, napeza phindu. Anansi ace ataona anayamba kutsanza. Kufikira nthawi imeneyo nyama ya nkhuku inali ya matambala otsala ndi mathadzi oleka kuikira, monga ziri kumudzi. Kuyambira pamenepo kunabadwa nchito yatsopano, yoweta nkhuku cifukwa ca nyama yokha. M'caka ca 1948 kunacitika mpikisano waukuru m'dziko lomwelo wofuna nkhuku ya nganga yaikuru ndi yokula msanga, ndipo kuyambira apo akatswiri akhala akusankha mbeu caka ndi caka. Mitundu iwiri yodziwika kwambiri imene yafika ku Zambia ichedwa Ross ndi Cobb.

Zipatso za kusankhaku zinayesedwa bwino pa sukulu yaikuru ya Alberta ku Canada, ndipo zinalengezedwa m'caka ca 2014. Anatenga nkhuku za mbeu ya 1957, ya 1978 ndi ya 2005, nazilera pamodzi, ndi cakudya cimodzimodzi. Atatha masiku 56 anaziika pa sikelo. Ya 1957 inalemera magramu 905, ya 1978 magramu 1,808, koma ya 2005 magramu 4,202. Apa mpoyenera kukonza bodza lina lofala m'midzi, lakuti nkhuku izi zimakula motere cifukwa ca jekeseni wozitupitsa. Sicoona. Zimakula cifukwa ca mbeu yace ndi cakudya ca cimanga ndi soya cosakanizidwa mwa muyeso.

Ku Zambia nchito iyi njakale kuposa ufulu wa dziko, pakuti kampani ya Hybrid Poultry Farm inayamba m'caka ca 1961. Pambuyo pace kunadza ena, monga Ross Breeders, Tiger Chicks ndi Zambeef. Ku migodi kuno, pa Mpongwe, Zambeef inamanga malo oswetsa mazira ochedwa Zamhatch pamodzi ndi cigayo ca cakudya ca ziweto, ndipo pafupi ndi Luanshya pali famu yaikuru ya mazira yochedwa Goldenlay. Oweta akuru ndi ang'ono ali ndi bungwe lao, Poultry Association of Zambia. Nkhuku ndi mazira zimagulitsidwa m'masitolo, pa msika wa Masala ku Ndola ndi wa Chisokone ku Kitwe, ndipo zina zimaoloka malire pa Kasumbalesa kupita ku Congo.

Munthu asafulumire kunyoza nchito imeneyi. Mwa iyo mwana wa mmphawi m'makomboni amadya dzira, amene kale akadangoliona m'manja mwa mlendo. Mwa iyo akazi amasiye ambiri alipirira ana ao sukulu. Koma akuru anati, walira mvula walira matope. Pamodzi ndi phindu panadza mabvuto amene nkhuku ya kumudzi siiwadziwa.

Thupi loposa miyendo

Bvuto loyamba liri m'thupi la nkhukuyo. Mnofu wace umakula mothamanga, koma mapfupa, mtima ndi mapapu zimatsalira m'mbuyo. Pofika sabata lacisanu zina zimayenda cotsimphina, zina zimakhala pansi miyendo itatangadza, ndipo zikafuna madzi zimakwawa ndi mapiko. Nkhuku yotere imamva kuwawa ndithu. Akatswiri anaona kuti nkhuku zopunduka zikapatsidwa mankhwala opha ululu zimayenda bwinoko, cimene cisonyeza kuti kutsimphinako nkwa zowawa. Zina mtima umalema, madzi nadzaza m'mimba, lipombo nkucita bii. Zina, makamaka zonenepa koposa, zimangolumpha kamodzi ndi kugwa cagada, zitafa. Woweta wosadziwa amati wina wamlodza, koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Bvuto ili woweta wamng'ono sangathe kulicotsa lonse, pakuti liri mu mbeu. Koma angathe kulicepetsa, ndipo njira yace yaikuru ndiyo mdima. Ambiri amasiya nyali iri ciyakire usiku wonse, nati nkhuku zidye kosalekeza kuti zikule msanga. Nzeru imeneyo njonyenga. Nkhuku ifuna tulo monga colengedwa ciri conse, ndipo mapfupa ace amalimba bwino ikamapumula. Lamulo la maiko a European Union la caka ca 2007 likakamiza oweta kupatsa nkhuku za nyama maola 6 a mdima pa tsiku, ndipo mwa awa maola 4 akhale osadukiza. Mdima ulibe mtengo. Woweta wa ku Kanini ndi wa kumudzi angathe kutsata lamulo ili pongozima nyali anapiye akapitirira sabata loyamba.

Ndipo nkhuku yopunduka kwambiri, yosatha kufika pa madzi, isasiyidwe kuti ipondedwe ndi zinzace kufikira ifa ndi ludzu. Woweta ayenera kuyenda m'khola kawiri pa tsiku, pang'onopang'ono, kuyang'ana imene siidzuka. Yodwala pang'ono aipatule pa yokha. Yopanda ciyembekezo aiphe msanga.

Za khola

Pa nkhani ya khola mpamene oweta ang'ono amalakwa koposa, ndipo kulakwa kwao kuyamba tsiku logula anapiye. Anapiye 200 a tsiku limodzi amakwana m'makatoni awiri, ndipo munthu akawaika m'kacipinda amaona malo otsala ambiri. Amaiwala kuti mwanapiye wa magramu 40 adzakhala wa makilogramu awiri mwezi ndi theka usanathe. Pofika sabata lacisanu ndi cimodzi pansi sipaonekanso, nkhuku zangoti thithithi, yosatha kutambasula phiko osagunda inzace.

Lamulo la ku Europe lija linena kuti pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pasakhale nkhuku zolemera kuposa makilogramu 33 zonse pamodzi, ndiko kuti nkhuku ngati 16 za makilogramu awiri. Limalola kufika 39 kapena 42 kwa okhawo amene ali ndi makina olowetsa mphepo ndi mbiri yabwino ya kasungidwe. Koma kumeneko ndi dziko lozizira. M'dziko lotentha, m'khola lopanda makina, alangizi amati nkhuku zisapitirire 10 kapena 12 pa mita yotere. Motero wofuna kuweta nkhuku 200 ayambe wayesa khola lace ndi cingwe: likhale ngati mamita 4 m'lifupi ndi mamita 5 m'litali. Likacepa, agule anapiye ocepa. Amene athithikiza nkhuku ayesa kuti acurukitsa phindu, koma zakufa ndi zokwinimbira zimadya phindulo.

Cifukwa cace ca muyeso umenewu ndi kutentha. Thupi la nkhuku litentha madigiri 41, ndipo nkhuku siicita thukuta. Ikamva kutentha imayasama kukamwa, kupuma wefuwefu, ndi kugwetsa mapiko kuti mphepo ifike m'khwapa. M'mwezi wa October, pamene dzuwa liomba pa malata ndi mvula isanagwe, khola lothithikana limasanduka ng'anjo, ndipo zimafa ndi zazikuru zomwe, zimene zatsala masiku ocepa kuti zigulitsidwe. Khola labwino likhala lotseguka m'mbali zace ziwiri zazitali, locingidwa ndi waya wokha pamwamba pa kacipupa kakafupi, ndipo utali wace uloze kum'mawa ndi kumadzulo kuti dzuwa lisalowe m'mbali. Denga la udzu lipambana la malata pa kuzizira, ndipo amene ali ndi malata awayale udzu pamwamba. Madzi akumwa akhale ozizira ndi osatha, pakuti m'nyengo yotentha nkhuku imamwa koposa kawiri kulemera kwa cakudya cimene idya. Masana a dzuwa lalikuru nkwabwino kucotsa cakudya ndi kucibweza madzulo, cifukwa kugaya cakudya kumaonjeza moto m'thupi.

Mafamu akuru amadalira magetsi kuti aziziritse makola ndi kupopa madzi. M'caka ca 2024, pamene cirala cinagwa m'dziko kufikira Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza tsoka la dziko lonse m'mwezi wa February, madzi anacepa pa Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Pamenepo panaoneka poyera kuti khola lotsekedwa mbali zonse liri ndi ngozi yace: makina akaima, ndipo palibe injini ina yothandiza, nkhuku zikwi zingathe kufa masana amodzi.

M'miyezi ya June ndi July bvuto litembenuka. Usiku wa ku migodi umazizira, ndipo mwanapiye wopanda mace afuna kutentha kwa madigiri 32 kapena 33 m'sabata loyamba, kumene kucepetsedwa pang'onopang'ono sabata ndi sabata kufikira nthenga zitamera. Ambiri amafunditsa ndi mbaula ya makala, ndipo nkwabwino. Koma amatseka mazenera onse ndi masaka, osasiya popita mpweya. Makala amaturutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba. Makala ayambe ayaka bwino panja asanalowe m'khola, ndipo pamwamba pakhale mpata. Wopanda coyesera kutentha ayang'ane anapiye okha, pakuti iwo sanama. Akaunjikana pa moto nalira kwambiri, akumva mphepo. Akathawira ku zipupa nayasama, atenthedwa. Akakankhana ku mbali imodzi, pali pena polowa cisanu. Akabalalika ponseponse, ena kudya, ena kugona, zonse ziri bwino.

Catsala ndi ca pansi. M'khola amayala mapalapala a matabwa, amene ku Ndola ndi ku Kitwe apezeka kwa oceka matabwa a paini, kapena mankhusu a mpunga, kapena makoko a nsawa, kuya kwace ngati kutalika kwa cala. Zoyalazi zikanyowa ndi madzi otayika ndi zitosi, zimaturutsa mpweya woluma m'maso. Munthu woimirira sauzindikira msanga. Agwade, aike nkhope yace pamene pali mutu wa nkhuku, ndipo maso ace akalasa misozi adziwe kuti nkhuku zace zikupuma zimenezo usana ndi usiku. Mpweya umenewo uononga maso ndi mapapu, ndipo cinyontho cimaotca mapazi, zigongono ndi nganga, nkusiya zironda zakuda. Ogula mapazi a nkhuku pa msika amaziona zirondazo osadziwa cimene cinazicita. Kuyesa kwace nkwapafupi: munthu afumbate zoyalazo m'dzanja, zikamwazika potambasula dzanja ziri bwino, zikaumbika ngati mbamu ya nsima zanyowa, ndipo ziyenera kutembenuzidwa kapena kucotsedwa.

Zoikira mazira

Thadzi la kumudzi liikira mazira 10 kapena 15, nilifungatira masiku 21, nililera anapiye, ndipo pa caka lingaikire mazira 40 kapena 60. Thadzi lofiira la malonda liyamba kuikira litakwana masabata 18 kapena 20, ndipo pa caka liikira mazira ngati 300. Cikamba ca dzira liri lonse cimangidwa ndi laimu, ndipo cakudya cikasowa laimu thupi limautenga m'mapfupa. Ndico cifukwa cace mathadzi okalamba a malonda ali ndi mapfupa ophwanyika msanga.

M'maiko ambiri mathadzi otere amasungidwa m'timakola ta waya tosanjikizana, atatu kapena asanu m'kakhola kamodzi. Ubwino wace ulipo: mazira aturuka oyera, zitosi zigwera pansi, njoka za m'mimba zicepa. Koma muyeso wakale wa ku Europe unapatsa thadzi limodzi malo a masentimita 550 a mbali zonse, ndiko kucepa kuposa pepala limodzi lolembapo kalata ku ofesi. Pamenepo silitha kutambasula mapiko, kupalasa, kusamba pfumbi, kapena kukwera pa mtanda usiku. Yense amene anaonapo thadzi lofuna kuikira, m'mene lizungulirira nyumba, kulowa m'dengu, kuturuka, kukwera pa nkhokwe, lisanapeze malo a kumtima kwace, adzazindikira kusauka kwa thadzi loikira pa waya pakati pa anzace. Dziko la Switzerland linathetsa timakola totere m'caka ca 1992, ndipo maiko a European Union anatiletsa kuyambira caka ca 2012, nalola tokha tokulirapo, ta masentimita 750 pa thadzi, tokhala ndi cisa, mtanda ndi popalasa. Woweta wamng'ono amene amva kuti timakola ta waya ndito citukuko adziwe kuti akugula cimene ena anataya. Mathadzi 100 angathe kusungidwa bwino pansi, ndi cisa cimodzi pa mathadzi asanu ali onse, ndi mitanda yokwerapo.

Mathadzi othithikana ndi osowa cocita amayamba kujomphana, kuzulana nthenga, ngakhale kudyana kumene. Pofuna kuletsa ici oweta amadula nsonga ya mlomo. Mlomo suli ngati cikhadabo, uli ndi mitsempha yomva. Kuudula ndi mpeni wamoto nkhuku itakula kale kumasiya ululu wa nthawi yaitali. Makampani ena amacita ici pa tsiku loyamba ndi makina a kuwala kotentha, ndipo njira iyo njopepukirapo. Koma pa khola laling'ono kujomphana kumacepa pongopatsa malo okwanira ndi kupacika masamba a ndiwo kapena udzu wauwisi kuti zijomphe zimenezo. Kulinso nkhani ya anapiye amphongo a mtundu woikira, amene saikira ndipo sanenepa msanga. M'maiko ambiri amaphedwa tsiku lomwe aswedwa. Dziko la Germany linaletsa mcitidwe umenewo kuyambira caka ca 2022.

Nkhukundembo

Mbalame iyi kwao ndi ku Mexico ndi ku North America, ndipo inafika ku Spain zaka za m'ma 1500 zitangoyamba. Ku Zambia iwetedwa ndi ocepa, ndipo malonda ace akuru ali pa Krisimasi. Kunja, mtundu woyera wa malonda wasankhidwa monga nkhuku ija kufikira tambala wace alemera pafupifupi makilogramu 20 pa masabata 20, ndipo nganga yace yakula kotero kuti satha kukwera yaikazi. Mbeu imacita kuikidwa ndi anthu. Mtundu wakuda wa m'midzi ulibe bvuto limenelo. Mazira ace aswa pa masiku 28. Ana ace ngofoka kuposa anapiye, safuna mame kapena mvula, afuna cakudya ca mphamvu yoposa, ndipo amacedwa kuphunzira kudya ndi kumwa, kotero kuti woweta ayenera kubviika mlomo wa ali yense m'madzi tsiku loyamba. Cacikuru ndi ici: nkhukundembo zisawetedwe pa bwalo limodzi ndi nkhuku. Nkhuku imasenza kacirombo kena m'mazira a njoka za m'matumbo mwace, ndipo iyo siidwala kwambiri. Koma nkhukundembo ikatola kaciromboko ciwindi cace cimaola, zitosi zicita cikasu, ndipo zambiri zimafa.

Malamulo

M'caka ca 1964 mai wina wa ku England, Ruth Harrison, analemba buku lochedwa Animal Machines, loulula kasungidwe ka ziweto m'mafamu akuru. Anthu anadzidzimuka, ndipo boma linaika kagulu kofufuza kotsogozedwa ndi Professor Roger Brambell, kamene kanapereka mau ace m'caka ca 1965. Pa maziko amenewo, m'caka ca 1979, panakhazikika mfundo zisanu zimene zadziwika pa dziko lonse: kuti ciweto cisasauke ndi njala ndi ludzu, cisasauke ndi malo oipa, cisasauke ndi ululu, mabala ndi nthenda, cisakhale m'mantha, ndipo ciloledwe kucita za cibadwa cace. Zinai zoyambazo mlimi ali yense azibvomera, pakuti aona phindu lace. Yacisanuyo ndiyo ibvuta, cifukwa thadzi losasamba pfumbi liikirabe mazira, ndipo palibe ndalama imene ikakamiza mwini wace kulicitira cifundo. Apa munthu wowerenga Malembo adzakumbukira kuti Miyambo 12:10 iyesa cilungamo ca munthu ndi m'mene asamalira ciweto cace, ndi kuti Deuteronomo 22:6-7 achinjiriza ngakhale mbalame ya kuthengo iri pa cisa.

Bungwe la maiko loyang'anira umoyo wa nyama, limene linayamba ku Paris m'caka ca 1924, ndipo Zambia ali m'gulu lace, linabvomereza malangizo a kasungidwe ka nkhuku za nyama m'caka ca 2013. Koma malangizo a mathadzi oikira, ataperekedwa m'caka ca 2021, sanapeze mavoti okwanira, pakuti maiko sanamvane. Ku Zambia kuli lamulo lakale loletsa nkhanza kwa nyama, locokera m'masiku a Northern Rhodesia, lolembedwa pa mutu 245 wa malamulo a dziko, ndi lina la umoyo wa nyama la caka ca 2010. Lakalelo liletsa kuzunza nyama, koma silichula kucuruka kwa nkhuku pa mita kapena maola a mdima. Motero muyeso weniweni uli m'manja mwa woweta ndi wogula.

Koma asayese wina kuti nkhuku ya kumudzi iri pa mtendere cifukwa iyenda momasuka. Anapiye ambiri amatha ndi mphamba, makoswe ndi bvumbwe. Utitiri umazinga m'maso. Ndipo caka ndi caka citopa cimasesa mudzi wonse. Nthenda iyi, imene inazindikirika m'caka ca 1926 ku Java ndi ku Newcastle, iribe mankhwala ociza, koma katemera wace alipo, ndipo mtundu wina wochedwa I-2, wopirira kutentha, umangodonthezedwa m'diso kamodzi pa miyezi inai. Kusiya nkhuku zife ndi citopa katemera alipo ndi nkhanza yosasiyana ndi kuzithithikiza m'khola.

Pa za mankhwala pali cenjezo limodzi. Oweta ambiri amathira mankhwala opha tizirombo m'madzi a nkhuku kuyambira tsiku loyamba kufikira logulitsa, kuti aphimbe zoipa za khola lonyowa ndi lothina. Tizirombo timazolowera mankhwalawo, ndipo ena a iwo ndi omwewo amene apatsidwa kwa ana ku cipatala. Pa botolo kapena paketi iri yonse palembedwa masiku amene ayenera kupita nkhuku isanaphedwe kapena mazira ace asanadyedwe. Wogulitsa masikuwo asanakwane adyetsa mnansi wace mankhwala osadziwa.

Ulendo wotsiriza

Nkhuku yosungidwa bwino masabata 6 ingathe kusauka koposa pa tsiku limodzi lotsiriza. Pa miseu ya ku migodi, monganso ya kumidzi, munthu amaona nkhuku zomangidwa miyendo, zolendewera cazondoka pa njinga, mitu iri pafupi ndi masipoko. Zina zopanikizidwa m'makreti pamwamba pa basi, dzuwa liri paliwombo. Nkhuku iribe cocinga cija cimene mwa munthu cilekanitsa cifuwa ndi mimba. Ikazondoka, matumbo amatsamira pa mtima ndi mapapu, ndipo ya nyama yolemera ingathe kufa m'njira. Kuigwira ndi phiko limodzi kapena mwendo umodzi kumagulula mfundo, ndipo pophika pamaoneka mwazi woundana umene wogula adandaula nao.

Kugwira kwabwino ndi kwa manja awiri, mapiko atapanikizidwa pa thupi, nkhuku iri ciriri. Nthawi yace ndi mbandakuca kapena usiku, pamene kuli kozizira ndi nkhuku ziri zofatsa. Cakudya cicotsedwe maola 8 kapena 10 zisanaphedwe kuti cithokomiro ndi matumbo zikhale zopanda kanthu, koma madzi asacotsedwe kufikira nthawi yozigwira. M'dengu kapena m'kreti zonse zithe kukhala pansi nthawi imodzi, popanda ina pamsana pa inzace. Pa msika zikhale pa mthunzi, ndi kacitini ka madzi, ndipo zotsala madzulo zimasulidwe miyendo. Wogula nayenso ali ndi mphamvu: ayang'ane mapazi ndi zigongono za nkhuku asanalipire, ndipo ogulitsa akaona kuti za zironda zitsalira, adzawauza oweta.

M'nyumba zophera zazikuru nkhuku zimayamba zakomoledwa ndi magetsi zisanadulidwe. Pa khomo palibe makina otere, ndipo nchitoyo kawirikawiri ipatsidwa kwa mnyamata ndi mpeni wobuntha wosendera mbatata. Mpeni unoledwe poyamba, ndipo wakupha akhale munthu wamkuru wodziwa, wodula mitsempha yonse iwiri ya pakhosi kamodzi. Madzi otentha osolera nthenga adikire kufikira mwazi utaleka kuturuka ndi diso litaleka kuphethira polikhudza, ndiko kuti mphindi ziwiri kapena zitatu.